Mutu wa buku ndi mutu wanga: momwe buku la Chilwa likuyendera

9 Juni

Mitu 11 yalembedwa mwa mitu 20 yomwe ndinakonza. Mawu onse pamodzi ndi 38,400. Chiyambire Meyi ndawonjezera mawu osafika 2,000, ndipo theka la amenewo ndikudziwiratu kuti adzapita kudzala.

Bukuli ndi nkhani ya banja la msodzi wa pa Kachulu m'chaka cha 1995, chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa mpaka anthu kumapita ku Chisi wapansi. Chino ndi chaka chachitatu ndikulimbana nalo. Masana ndimaphunzitsa kuno ku Zomba, madzulo ndimachonga makope a ana, ndipo buku limalandira zotsala: kuyambira cha m'ma 10 koloko usiku mpaka tulo titandigwetsa.

Kope langa la ntchito lakhala ndi madanga awiri, la tsiku ndi la mawu omwe ndalemba. Lero ndatenga rula n'kujambula danga lachitatu. Andichititsa ndi mayi a kunyumba. Loweruka ndinawapatsa mutu 9 kuti awerenge, iwo ali pakhonde akusankha nyemba. Atamaliza anangondibwezera mapepala aja n'kubwerera ku lichero lawo. Nditawaumiriza anati, "Koma bambo, anthu anuwa alakwirana chiyani? Tsamba lililonse akungokalipirana. Ngakhale agogo aja amene ankatiseketsa, pano akungolusa."

Ndinatsutsa, monga amachitira mwini mwana. Usiku ndinawerenganso ndekha, ndipo ankanena zoona. Ziganizo zifupizifupi, zobaya. Palibe amene akumaliza kupereka moni. Msodzi wanga, munthu amene ndinamuumba wofatsa, akuponda galu popanda chifukwa. Ndinabwerera m'kope kukaona masiku. Mutu 9 ndinaulemba kuyambira pa 7 mpaka pa 24 Epulo, masabata omwewo amene dzino la kutsaya linkandisautsa, ndikutafuna Panado ngati mtedza poopa kukazulitsa. Ndinakazulitsa pa 25. Ine ndinkati dzino lija linatsala m'mbale ya adokotala, osadziwa kuti linalowa kale m'buku ndipo likulankhula m'kamwa mwa anthu anga.

Danga lachitatuli ndalitcha "mutu winawo". Chichewa chathu chinaoneratu patali potcha chaputala ndi chigaza dzina limodzi. Ndizilembamo maola omwe ndagona, pomwe pakupweteka, zomwe ndadya, ndiponso ngati ndayendako.

21 Juni

Chiperoni wa masiku anayi. Phiri labisala, kamvula kowaza sikakuleka, zovala pachingwe sizikuuma. Zala zikumauma ndisanamalize ndime. Mawu 900 sabata yonse. Tulo maola 4, nthawi zina 5. Msana wayamba kulankhula, kumunsi cha kumanja, ndipo ndikakhalitsa ululu ukumatsikira m'ntchafu. Mpando womwe ndimalemberapo ndi wa pa tebulo lodyera, wamatabwa okhaokha, tinagula titangokwatirana.

4 Julayi

Ndinapita kuchipatala kukadandaula za msana, ndabwerako ndi mlandu wina.

Ndisanalowe kwa adokotala, anesi anandimanga lamba wa BP pamkono. 158/98. Anati ndikhale kaye phee mphindi zisanu, n'kuyezanso. 154/96.

"Aphunzitsi, munayezetsa liti komaliza?"

Sindinakumbuke.

"Mutu umakupwetekani?"

Ndinati umalemera kunkhongo m'mawa, koma ndi maganizo a buku lomwe ndikulemba. Anaseka uku akulemba m'kabuku kanga. "Aliyense amabwera ndi dzina lake loipatsa. Ena amati ndi ngongole, ena amati ndi apongozi."

Malire ake ndi 140/90. Anati kuyeza kwa tsiku limodzi sikokwanira, ndibwerenso kawiri masiku osiyana, ndipo ikapezekabe pamwamba ndiyamba mankhwala. Pakali pano mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera wa m'ndiwo, wa m'buledi, soda wa m'therere, ndi uja ndimawaza ndi dzanja lotambasula pa tchipisi cha pachiwaya nthawi yopuma kusukulu. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, kapena kuti theka la ola masiku asanu. Ndi kugona. Pa za kugonazi anandiyang'ana ngati mmene ndimayang'anira mwana amene sanalembe homuweki.

Za msana sizinatenge nthawi. Adokotala anandigoneka, anakweza mwendo uwu ndi uwo, n'kufunsa kuti ndimakhala maola angati osadzuka. Nditayankha anangopukusa mutu. Ndizidzuka pakatha theka la ola lililonse, galasi la laputopu lifike pa msinkhu wa maso, kumbuyo kukhale katsamiro. Laputopu tsopano yakwera pamwamba pa mtanthauziramawu ndi mabuku atatu akale a galamala, ndipo ndagula kiyibodi yakaunjika kumsika. Aka n'koyamba kuti mabuku a galamala aja andithandize polemba.

20 Julayi

Ndabwererako kawiri, ndipo kawiri konse inali pamwamba. Kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse. Ndinamva ngati ndakalamba tsiku limodzi, koma izo n'zanga, sizikhudza buku.

Chokhudza buku n'chakuti ndasintha nthawi yolemba. Kugona 9 koloko, kudzuka 4 koloko. Khofi wa usiku, makapu atatu aja, ndasiya. Sindinkadziwa kuti pakatha maola asanu munthu atamwa khofi, pafupifupi theka la mphamvu yake limakhala likadali m'magazi. Ndiye kuti kapu ya 11 koloko inkandiperekeza mpaka m'bandakucha, ine n'kumadabwa kuti bwanji ndikugona ngati kalulu.

Sabata yoyamba inali chilango. 9 koloko ndili gone, maso ali pa denga, ndikuwerenga agalu a m'dera lonse. 4 koloko ndili tsonga pa tebulo, mutu uli mbuu, kuitana kwa kumzikiti kukundipeza ndisanalembe liwu. Kope likuti: 0, 120, 0, 0, 310. Ndinatsala pang'ono kubwerera ku Iguputo wanga.

Sabata yachiwiri: 480, 520, 450, 600, 510. Si ambiri, usiku ndinkatha kufika 1,000 zikakoma. Koma ndaona kuti wolemba wa usiku ndi wolemba wa m'mawa ndi anthu awiri. Wa usiku ndi mlaliki. Amakonda mawu akuluakulu, amaponya miyambi itatu pomwe umodzi ukanakwana, amadzimvera yekha kukoma. Wa m'mawa ndi kalipentala, woumira mawu, koma amaona pomwe thabwa lapindika. Ndi iyeyu amene waona kuti mutu 12 unayambira pakati, ndipo masamba awiri oyambirira ndi ine ndikutsokomola ndisanayambe kulankhula.

Ndisaname, usiku ndikuusowa. Nyumba yonse ili zii, iwe wekha ndi nyali, umadziona ngati mlembi weniweni. M'mawa umangokhala munthu amene wadzuka kukagwira ntchito.

Mutu 12 watha. Mawu onse: 42,100.

8 Ogasiti

Sukulu tatsekera. Ndikulemba kuyambira 4 mpaka 6, kenako nsapato kuphazi. Ndimadutsa ku Botanic Gardens komwe Mulunguzi amatsetsereka pamiyala, n'kuyamba kukwera msewu wa Ku Chawe mpaka pomwe mpweya wandithera. Tsiku loyamba unandithera ndisanafike patali, ndili wefuwefu, amayi osenza nkhuni akundidutsa potsika n'kumandipatsa moni wachifundo. Pano ndikutha mphindi 40 ndisanatembenuke.

Mfundo yomwe inandimanga kuyambira Meyi yamasuka, ndipo yamasukira pamsewu. Vuto linali ili: msodzi wagulitsa khoka mobisa kuti agule chimanga, nanga mkazi wake adziwa bwanji? Ndinayesa mlamu wamiseche, ndinayesa kalata, ndinayesa kuti mwamuna aulule ataledzera. Zonse zinali zokakamiza. Lachiwiri ndikutsika ndinaona kadimba ka mpiru kotchingidwa ndi chidutswa cha ukonde kuti nkhuku zisalowe. Ndinaima. Mkazi uja apita kukagula masamba kwa mayi wina, aona ukonde pa mpanda, n'kuzindikira mfundo zomwe anamanga ndi zala zake pousoka. Safunsa munthu. Agula masamba ake, alipira, n'kubwerera kunyumba kukaphika. Ndinalemba pa foni nditatsamira mtengo wa paini, manja akunjenjemera.

Miyezi itatu pa mpando sinandipatse zimenezi. Mu 2014 Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a ku yunivesite ya Stanford anayesa anthu powapatsa ntchito yopeka maganizo atsopano, ena atakhala pansi, ena akuyenda. Oyenda ankatulutsa maganizo ochuluka ndi pafupifupi 60 peresenti, ngakhale amene ankangoyenda pa makina m'chipinda atayang'ana khoma. Ndiye kuti si kukongola kwa phiri kokha ayi, ndi miyendo. Anapezanso kuti pa mafunso ofuna yankho limodzi lolondola kuyenda sikunathandize, ndipo izi ndazionanso ndekha. Pamsewu ndimapeza chochitika, koma chiganizo chokhota sindingachiwongole ndikuyenda. Chimenecho chimafuna tebulo.

Pali china chomwe sindingachiyeze koma ndikuchikhulupirira. Ndimawerenga mokweza zonse zomwe ndalemba, popeza nkhani ya Chichewa imayesedwa ndi khutu, monga nthano za pamoto. Chiganizo chachitali, chija chimayamba ndi bwato likunyamuka n'kukathera pomwe dzuwa lalowa, chimafuna chifuwa. Mu Epulo, nsagwada zili zolumana ndi ululu, ndinkadula chilichonse pakati. Masiku ano ziganizo zayamba kutalika zokha, ngati kuti mpweya womwe ndikuupeza pa chitunda ukukathera papepala.

Mawu onse: 47,300. Msana uli chete.

22 Ogasiti

Ndabwerako ku Kachulu, komwe ndinagona masiku atatu kwa mnzanga wina wophunzitsa kumeneko. Ndinkafuna kuona zimbowera ndi maso anga, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama, momwe munthu amatha milungu osaponda mtunda. Ndinkafunanso kumva kwa akuluakulu amene anaiona nyanja ikuphwa mu 1968, mu 1995, komanso posachedwapa mu 2018. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi ndi Phalombe amangothiramo, dzuwa n'kumamwa. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja yosazama ngati imeneyi imasanduka chigwa chong'ambikang'ambika, matemba ndi milamba yotsala n'kubisala m'maiwe a m'mitsinje kudikira madzi.

Agogo ena anandilandira pansi pa chisakasa akusoka ukonde. Ndinawafunsa funso la anthu a sukulu, lakuti ankamva bwanji mumtima nyanja itapita. Ndinali nditakonzeka kulemba za chisoni. Iwo anatambasula zikhatho.

"Mwana wanga, manja awa anafewa ngati a khanda. Titayamba maganyu olima, matuza anatuluka ngati munthu amene sanagwirepo ntchito chibadwire. Ndiye tulo. Thupi linazolowera kugwedezedwa ndi madzi. Mphasa ya kumtunda inali phee kwambiri, ndinkangotembenuka mpaka kucha."

Za mumtima sananene kanthu, koma ndinamva zonse.

Pobwerera, minibasi ikundigwedeza, ndinawerenga m'mutu mitu yanga 13. Anthu anga amaganiza, amalankhula, amakumbukira. Palibe amene msana ukumupweteka, palibe waludzu, palibe amene waponda munga. Asodzi opanda matupi. Nanga akanawatenga kuti, pomwe wowalemba wakhala zaka zitatu akuchita ngati iyenso alibe?

Masikito ndinaiwala kunyumba. Ndinati Ogasiti uno udzudzu uchokera kuti. Usiku woyamba womwe unandiyankha.

10 Seputembala

Mawu kuyambira pa 31 Ogasiti mpaka dzulo: 0.

Zinayamba ndi kuphwanya m'thupi Lamulungu masana, ine n'kuti ndi kutopa. Usiku kuzizidwa, mano akugundana pansi pa mabulangete awiri, kenako thukuta lonyowetsa mpaka pilo. Ndinazengereza tsiku lina lathunthu ndi Panado, nzeru zomwe zija za dzino. Mayi a kunyumba ndiwo anaitana wa kabaza osandifunsa. Kuchipatala kubaya chala, kudikira mphindi 15, mizere iwiri: malungo. LA: mapiritsi anayi nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, masiku atatu, onse pamodzi 24. Anati ndizimwera mkaka kapena phala lothira nsinjiro, chifukwa mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akapita limodzi ndi chakudya cha mafuta, ndipo ndimalize onse ngakhale nditayamba kupeza bwino.

Usiku wachiwiri, thupi lili moto, buku lonse linanditsegukira. Ndinaona mathero ake, ndinaona momwe mutu uliwonse ukugwirira unzake, zonse zili mbee. Ndinafufuza foni mumdima n'kuyamba kulemba, misozi ikutsika chifukwa cha kukongola kwa zomwe ndinkaona. Lachisanu, nditayamba kukhala tsonga, ndinatsegula foni ija mtima ukugunda. Ndinapeza izi: "nyanja ndi mlamu wake wa mwezi. bwato libwerere ku mutu 3. osaiwala mbuzi." M'buku langa mulibe mbuzi.

Tili ku koleji tinkakhulupirira kuti mlembi weniweni ndi wowonda, wosagona, wa ndudu pakamwa ndi chifuwa chosatha, kuti luso limaphukira pa mavuto ngati bowa pa chulu. Chikhulupiriro chimenechi ndakalamba nacho, ndipo ndi chomwe chinkandipatsa kunyada ndikamagona 1 koloko. Malungo andiphunzitsa zina. Nthawi yonse yomwe anali m'thupi sanandipatse chiganizo ngakhale chimodzi chogwira ntchito. Zomwe andisiyira ndazitola atachoka, ndili pakhonde ndikuwothera dzuwa: madzi akumwa kumveka chitsulo m'kamwa, kuwala kwa pawindo kubaya maso, mawu a anthu panja kumveka ngati ali kutsidya kwa mtsinje, fungo la anyezi wokazinga kudzutsa nseru, ndiponso dzanja lozizira la munthu pamphumi kukoma kuposa mankhwala. Zonsezi zikupita ku mutu 14, pomwe mwana wa msodzi akudwala. Wodwala ndiye anazimva, koma akuzilemba ndi wochira.

Malungo andikonzeranso cholakwa china. Pokonza mutu 14 ndinalemba kuti mwanayo amupatsa chloroquine kuchipatala, popeza ndi amene ndinakula naye, ndipo ndinkafuna kulemba za kuyabwa kwake kuja, kodzikanda usiku wonse mpaka kutuluka mikwingwirima. Koma Malawi anasiya chloroquine mu 1993, dziko loyamba mu Africa kutero, n'kuyamba SP, yemwe tonse tinkangoti Fansidar. LA anadzabwera mu 2007. Ndiye kuti mwana wa mu 1995 amwa Fansidar. Kuyabwa kuja ndikupereka kwa agogo ake, akufotokoze monga za kale.

29 Seputembala

Sukulu tatsegulira. Malungo anachoka koma anatenga miyendo. Ndikaphunzitsa mapiriyodi atatu otsatizana ndikumakhala pansi. Mawu 200 pa tsiku, ndipo sindikudzikalipira. Kuyenda ndayambiranso pamalo athyathyathya.

Mphunzitsi mnzanga wamkazi, amene amalemba ndakatulo, nditamufotokozera za danga lachitatu anati, "Inu abambo muli ndi mwayi, mukadwala mumaphikiridwa. Ine malungo amandipeza pamoto n'kundisiya pamoto." Ndinalibe poyankha. Maola anga awiri a m'mawa alipo chifukwa pali wina amene akukoleza mbaula nthawi yomweyo.

16 Okutobala

Dzuwa la Okutobala lafika ndi ukali wake wonse. Malata akulira masana, usiku thupi likumata pa nsalu. 4 koloko m'mawa ndiyo nthawi yokha yomwe mutu ukugwira, choncho ndondomeko yatsopano ija yandipulumutsa.

Nkhani ya sabata ino ndi maso. Mwana wanga wamkazi anandipeza ndikuwerenga foni nditatambasula mkono wonse, n'kufunsa, "Adadi, mkono wanu wafupika kapena?" Ndinakayezetsa. Palibe matenda, ndi zaka chabe. Munthu akapitirira zaka 40 kagalasi ka m'diso kamayamba kuuma, n'kumalephera kuona bwino zapafupi. Ine ndili ndi 47. Magalasi owerengera a +1.50.

Nditawavala n'kutenga mapepala a mutu 1, ndinachita manyazi. Zaka ziwiri ndakhala ndikuuza anthu kuti ndine mlembi wodana ndi kubwereza, kuti ndimakonda kupita chitsogolo, kukonza ndidzaona pamapeto. Ndinkayesa ndi khalidwe langa, mwinanso luso. Zoona zake n'zakuti ndikawerenga zosindikiza mphindi khumi zilembo zinkayamba kusambira, pamwamba pa maso n'kumalemera, ine n'kugamula kuti tsambalo ndi losakoma. Ndinkaweruza nkhani ndi maso otopa. Madzulo awiri okha ndawerenga mitu 1 mpaka 6 osaima. Mutu 4, womwe ndinaulemba kale chizindikiro choti uchotsedwe, ulibe mlandu. Ndi umodzi mwa yabwino, ndipo ukanafa chifukwa chosowa magalasi otchipa kuposa thumba la chimanga.

Anandiuzanso kuti pa laputopu munthu amaiwala kuphethira, n'chifukwa chake maso amauma ngati mwalowa mchenga. Pakatha mphindi 20 zilizonse ndiziyang'ana chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Mtengo wa mango wa kuseri kwa windo uli pa mtunda woyenera, ndipo mango ake ndikuwadziwa limodzi ndi limodzi tsopano.

Mitu 14 ndi 15 yatha. Mawu onse: 53,000.

3 Novembala

Magetsi akumathima m'bandakucha, batire la laputopu silikutha ola. Ndabwerera ku bolopeni ndi nyali ya sola. Dzanja likumachita dzanzi tsamba lachitatu, ndiye ndikumaima n'kulitambasula. Kuchedwa kwa dzanja kukuthandiza kwina: chiganizo chikumafika papepala chitapsa kale, zofufuta ndi zochepa. Kukopera pa kompyuta Loweruka.

23 Novembala

Ndakhala pansi ndi kope kuwerengetsa miyezi isanu ya danga lachitatu. Sindinawerenge mawu olembedwa okha, ndawerenganso omwe apulumuka nditakonza.

Masiku omwe ndinagona maola 7 kapena kuposerapo, ndinkalemba mawu pafupifupi 450, ndipo atatu mwa anayi aliwonse akadalimo m'buku. Masiku omwe ndinagona osafika maola 5, kuphatikizapo ausiku a mu Juni ndi ena angapo omwe ndinabwerera ku chizolowezi chakale, nthawi zina ndinkafika 900, koma opulumuka safika limodzi mwa anayi. Munthu wosagona amalemba zambiri chifukwa mlonda wa pachipata wagona m'malo mwake, chilichonse chikungolowa. Masiku otsatira tsiku loyenda ndi omwe muli zochitika zatsopano. Masiku a ululu, kaya msana kaya mutu, ndi omwe anthu anga amayankhana mwachidule ndi mwamwano. Masiku omwe ndinadya nsima yambiri masana n'kuyesa kulemba madzulo, danga la mawu lili ndi kamzere chabe.

Pali tsiku limodzi lomwe likukana kulowa m'khola. Kumapeto kwa Okutobala tinataya amalume kumudzi. Ndinachezera pa siwa usiku wonse, osagona ngakhale pang'ono, tikuimba mpaka mawu kusasa, m'mawa n'kukathandiza adzukulu kumanda. Pobwerera, m'minibasi, ndinalemba kuseri kwa envelopu tsamba lomwe msodzi akuyenda pansi pa nyanja youma n'kupeza nangula wa bwato la bambo ake. Sindinasinthemo liwu, ndipo ndikuganiza kuti ndilo tsamba labwino koposa m'buku lonse. Malinga ndi kope, tsiku limenelo sindinayenere kulemba kanthu kabwino. Ndingathe kunena kuti thupi linali litatopa ndi khasu ndi nyimbo osati ndi mpando, kapena kuti miyezi inayi yogona bwino ndiyo inandisungira mphamvu ya usiku umodziwo. Mwina. Sindikufuna kulikakamiza tsambalo kuti ligwirizane ndi masamu anga. Koma mlaliki wa usiku uja atamva zimenezi anayamba kale kundinong'oneza kuti waona, kusagona kumabala, ndipo ndamuuza kuti maliro si ndondomeko ya ntchito.

9 Disembala

Mvula yagwa yeniyeni, fungo la dothi lalowa mpaka m'chipinda, ana a m'dera ali kalikiliki ndi ngumbi pansi pa magetsi a panja. Masikito ndamanga, ndipo lina ndaliika m'chikwama cha maulendo kuti lizikhala momwemo. BP ya dzulo: 134/84, ndi kapiritsi kaja. Chitunda cha Ku Chawe ndikufika pomwe ndinkafika malungo asanandigwire.

Mutu 9 ndaulembanso wonse. Galu sakupondedwa. Anthu akupatsana moni mpaka kumaliza. Mkangano ndasiya umodzi, wa msodzi ndi mlamu wake, chifukwa umenewo ndi wa nkhani. Ukali wa agogo sindinauchotse, ndaupatsa mwini wake: agogo ali ndi dzino lowawa, amanga kansalu kuzungulira chibwano, akuika mchere ndi adyo pa dzinolo, akukana kupita kuchipatala, ndipo aliyense m'nyumba akuyenda monyang'ama. Mayi a kunyumba awerenga dzulo ali pa mpando womwe uja wa pakhonde. Anaseka pa tsamba lachitatu n'kunena kuti agogowa akuwadziwa, amagona nawo nyumba imodzi.

Mitu 17 yatha. Mawu onse: 59,200. Yatsala itatu, kuyambira pomwe madzi akuyamba kubwerera m'nyanja ndipo msodzi alibe khoka loti awalandire nalo.

Mutu winawo: tulo maola 7, kuyenda mphindi 45, msana uli bwino. Dzino la kumanzere layamba kunyerenyetsa ndikamwa madzi ozizira. Lachinayi ndikukalionetsa, mutu 18 ndiyamba Lachisanu.